Laputopu Ilibe Dzanja

Karesuando,
19 Meyi 2024

Wokondedwa mwana wanga Risten,

Wandinyoza. Ndinaitana iweyo, koma kuchokera kuntchito kwako ku Bremen kwabwera katoni, m'katimo muli laputopu. Akulemba kalatayi ndi azakhali ako a Sunna, poti ine kusukulu sindinapondeko, ndipo ndawauza kuti asafewetse mawu anga ngakhale amodzi.

Mchimwene wako Jovsset anandifotokozera. Akuti ndi imodzi mwa zimene mumapangira anthu opita m'mlengalenga: mumazigwedeza ngati zili m'roketi, mumaziwotcha, mumaziumitsa ndi chisanu, imene yapirira ndiyo imakwera. Akuti iyi inamaliza kuyesedwa, ndiye iwe wati tiziikhazika pampanda wa khola kuti uzionera mphalapala zako zoweta uli pampando. Nanenso ndinaiyesa. Inagona panja pachipale chofewa m'chisanu choluma chija cha mu Malichi, m'mawa inayaka. Ndinaigwetsa dala pamwala, inayaka. Galu anaikodzera, inayakabe. Chabwino, ntchito mumaidziwa, sindikutsutsa. Koma ilibe dzanja, Risten.

Mphalapala zako zaswa bwino, ana ake ndi amiyendo yolimba. Chizindikiro chako cha pamakutu a ziweto, chija malemu mayi ako anakusankhira uli kumsana, ndakhala ndikuchidula ndine chichokereni iwe. Kungoti mipeni ya masiku ano ndi yoterera, ndipo tiana ta chaka chino tikuthamanga kuposa ta kale. Dzulo khofi ananditayikira pamaondo, Jovsset akuona.

"Bambo," akutero, "chaka chino m'khola simulowa ndi mpeni."

"Iwe ndiwe ndani? Khutu la chiweto ndinakugwiritsa ndine!"

"Ndiye mukudziwa kuti dzanja lonjenjemera limadula chizindikiro cha eni ake. Mukufuna milandu ndi anansi?"

"Basi, dula ndiwe za mlongo wako."

"Ine? Ndigwade m'matope, udzudzu ukundimwa, adona akuonera pagalasi uku akupsontha tiyi? Aitume kompyuta yawo ya kumwambayo iponye chingwe."

Sankaseka ayi, ndipo mwana ameneyu kuuma mutu anatengera amalume ake, osati ine. Lamulo la mudzi ukulidziwa: mwana wa mphalapala amene wafika nthawi yolekanitsa ziweto khutu lili losadula, mudzi umamugulitsa. Zikatero chaka chino, zikateronso chamawa, ndiye kuti chizindikiro chako chatha m'mapiri muno. Ukadzabwera udzakhala mlendo woima kunja kwa mpanda, wofunsa kuti izi ndi za yani. Ine zimenezo sindidzaziona ndili moyo.

A Sunna akuti ndinene kuti ndakusowa. Ndawauza kuti akafuna zimenezo alembe yawo kalata. Akutinso ndikuuze zimene adokotala ananena ku Kiruna. Adokotalawo ndi kamwana kadzulo, zawo zilibe ntchito.

Akupereka moni ana a Jovsset, wamng'onoyo nkhope yako amangoidziwira pachithunzi. Nsapato zako za m'khola zili pomwe unazisiya. Ndazipaka mafuta, osati chifukwa cha iwe, koma chikopa chimauma.

Tisonkhanitsa ziweto sabata yomaliza ya Juni. Ukauze akuluakulu ako kuti anthu a kumwambawo ayambe adikira, kwawo sikuthawa. Usandiyankhe ndi katoni ina, usandiimbire foni. Risten, bwera, ulowe m'khola, ugwire khutu, udule wekha ine ndikuona.

Ndine bambo ako,
Heaika