Diresi lofiira layamba kusuluka

Amayi okondedwa,

Muli bwanji? Mwendo uja wayamba kupepuka? Ine thupi lili bwino kuno ku Doha, koma mtima suli m'malo.

Kodi anaika ndani lamulo loti wantchito aziona koma osayankhula? Anzanga okhala kudera la Najma amangoti ndi mmene zilili. Ine digiri ija sindinaivutikire kuti ndizikhala chete.

Kunyumba ya ku Onaiza komwe ndimagwira ntchito, madamu amasonkhanitsa zojambula zakale za azimayi otchena madiresi, za mmisiri wina wa m'ma 1950. Mwezi watha supavaiza wa antchito a m'nyumbamo anazisamutsira pakhoma loyang'anizana ndi windo. Inu mukudziwa zomwe dzuwa limachita ndi chitenje. Pa chojambula chimodzi, diresi lofiira layamba kale kusuluka. Nditamuuza supavaizayo, anandiloza chala: "Khalas, basi, Chisomo! Ukangowauza madamu, kontirakiti yako yathera pomwepo, ukwera ndege."

Masiku atatu ndakhala ndikupukuta galasi la chojambulacho. Bambo musawauze kaye, mungondipempherera. Mulungu akusungeni nonse.

Lero m'mawa ndachichotsa pakhoma chojambulacho, ndachinyamula ndi manja awiri, ndakagogoda pachitseko cha madamu kuti adzionere okha kusulukako.

Ndine mwana wanu,
Chisomo