Kansomba kamene anasiya abambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kadewere tili moyo, kungoti amayi chifuwa sichikuwasiya chiyambire chisanu.

Mwa tinsomba tiwiri tija malemu abambo anapatsidwa ndi bwana wawo ku Limbe, kamodzi kafa sabata yatha. Amayi zinawakhudza kwambiri. Anandiuza kuti kotsalako ndikakaponye kudamu, poti ndi kamwana ka chambo kamene kakulephera kukula chifukwa chokhala m'galasi.

Mtima sunandilole, choncho ndinayamba ndaitana aphunzitsi a sayansi a kusekondale. Anabwera ndi buku la zithunzi, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana zipsepse zake ndi kamzere kakuda kodutsa padiso kaja. Pomaliza anati, "Amayi, aka si kachambo ayi. Kanakula kale, msinkhu wake ndi womwewu. Kwawo ndi kumitsinje ya ku Amereka. Mukakaponya kudamu, sikafika mawa."

Amayi anasuzumira m'galasimo. Kenako anati, "Zaka zonse zija bambo anu ankadikira kuti tinsombati tikule. Apita osadziwa." Atatero anatenga ndowa n'kukatunga okha madzi osinthira m'galasimo. Anakana kuti ndiwathandize.

Tsono achimwene, dzina la kansombako aphunzitsi alemba pakapepala kamene ndaika m'kalatamu. Akuti m'masitolo a kumeneko chakudya chake chimapezeka. Wina akamabwera kumudzi mumupatsireko, chifukwa chimene anasiya abambo chatsala cha masiku ochepa.

Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati