Sindinataye Makadi Pamaso pa Mlamu

Loweruka, 8 Meyi 1954

Fodya wauma bwino m'chigafa. Mkazi wanga Malita ndi ine tasankha masamba mpaka msana kuwawa. Akuti chaka chino tifolera nyumba ndi malata, amayi ake aone kuti mkamwini wawo si waulesi.

Madzulo kumsika wa Chulu. Mnzathu Kalekeni wabwera kuchokera ku Joni ndi chipewa ndi makadi. Masewera ake ngosavuta: aliyense agwira makadi ake mobisa, muziwonjezera chobetcha, amene waona kuti zake nzoipa ataya pansi, napulumutsa zotsala. Ndapambana kawiri. Kukoma!

Loweruka, 15 Meyi

Mlamu wanga Tsoka wabwera nawo pamphasa ya makadi. Pakamwa ngati pa namzeze. Ndikangoyang'ana makadi nthawi yaitali, iye: “Tayani alamu, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.” Anthu gwa! kuseka. Inde ndi chilamu, ndiyenera kuseka nawo. Koma zimandilasa. Munda ngwawo, nyumba ili pa dothi lawo, ndiye ndigonjenso pamaso pake?

Makadi anali oipa, ndimadziwa. Sindinataye. Jekete lapita.

Kalekeni yekha amataya kawirikawiri, akuimba mluzu, alibe nazo manyazi. Koma pochoka thumba lolemera ndi lake. Munthu wanji ameneyu.

Lamulungu, 16 Meyi

Kutchalitchi ndi malaya okha, chisanu chonsechi. Malita sanafunse.

Loweruka, 22 Meyi

Njinga yapita. Chinthu chokhacho chimene ndinabwera nacho m'mudzi muno.

Kalekeni anandikokera kuseri kwa sitolo. Akuti, “Achimwene, inu simusewera ndi makadi, mukusewera ndi alamu anu. Zikaipa tayani, mawa kuliko.” Ndinamuuza akalangize agogo ake. Tsoka, amene waipambana njingayo, wabwera nayo kunyumba akuliza belu, mwana wanga Angelina ali pakaliyala, akuseka. Mwana sadziwa kanthu. Ine pambuyo, wapansi.

Lachitatu, 26 Meyi

Malita: “Njinga isiyeni, bambo a Angelina. Fodya alipo. Musapitekonso.” Ndavomera. Ndi mtima wonse ndavomera.

Loweruka, 29 Meyi

Ndinangopita kukaonerera, Mulungu mboni. Tsoka nkundisunthira malo, ati mlendo akhale pabwino. Mlendo! Ine wobereka mwana m'mudzi mwawo!

Ndinalibe chobetcha. Ndinatchula fodya, theka la chigafa. Makadi atabwera mtima unati psuu, panalibe kanthu. Kalekeni anataya ake msanga nandiponda chala. Tsoka anawonjezera. Dzanja langa linafuna kutaya, ndithu linatsika. Ndiye iye nkuyamba kaja kanyimbo ka mlamba.

Ndinati chigafa chonse.

Lolemba, 31 Meyi

Tsoka ndi anzake abwera ndi ngolo kudzatenga fodya. Malita anaima pakhomo la chigafa, manja pamutu, osalira. Thukuta lake lonse, kuthirira nazale, kutema nkhuni zofukizira. Tsoka sanamuyang'ane mlongo wake. Sindinadye.

Lachisanu, 4 Juni

Ankhoswe akhala pansi. Amalume ake a Malita akalipira Tsoka kwambiri, kuti fodya wa m'munda wa mbumba sabetchedwa, abweze. Iye wavomera. Koma ankhoswe akuti ine ndigwade pabwalo, ndinene kuti ndinabetcha chosakhala changa, ndipepese kwa Tsoka ndi kwa apongozi. Mawa.

Malita wandigwira mwendo. Akuti mawu amodzi okha, fodya abwerera, banja likhala. Ndikudziwa akunena zoona. Ndikuopa pakamwa pangapa.

Lachiwiri, 8 Juni

Kwathu ku Chisemphere, m'khitchini mwa mlongo wanga.

Loweruka lija ndinagwada. Bondo linafika pansi ndithu. Nditakweza maso, Tsoka akumwetulira, mwendo pa njinga yanga. Ndinaimirira. Ndinati fodya adye, sindipepesa kwa wakuba.  Malita anati, “Ngakhale pano?” Basi, nalowa m'nyumba. Potuluka anali ndi mphasa yanga ndi khasu.

Fodya abweza kwa Malita, ndamva. Ine ndekha ndiye sabweza.

Angelina anandiperekeza atasenza mphasa. Pamtsinje anaitula. Akuti agogo anena asaoloke, iye ndi wa komweko. Ndinati bwerera mayi, kwada. Kunali kusanade.