Makina Owerenga Makadi Ndinali Ine

14 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwendo wa alamu ukupeza bwino. Ine ndilipo.

Munandiyamikira pa foni za pulogalamu ija, ine n'kungoti zikomo. Lero ndikuuzeni zoona.

Paja ndinailemba kuti iziwerenga makadi a sikelo: namwino akajambula khadi, iyo iwerenge tsiku la katemera n'kutumiza uthenga kwa mayi wa mwana. Pa laputopu yanga inkayenda bwinobwino. Titaiika pa seva, kompyuta yaikulu ya kampani imene imatibwereka malo pa intaneti, inakaniratu. Pankasowa mojulo imodzi, kachigawo kowerengera zithunzi. Eni seva salola munthu kuikapo chake, ndipo zomwe anaikapo iwo n'zakalekale, sizigwirizana ndi zanga. Ndikakonza apa, pena paphulika. Ndinawalembera kanayi, yankho limodzimodzi ngati chinkhwe: sitilola.

Ndinapempha abwana kuti tisamukire kwina. Anati alendo otithandiza akubwera Lachinayi, zosamuka n'zamtsogolo.

Lachinayilo anandikhazika m'kachipinda ka mipando yothyoka, pafupi ndi chimbudzi. Abwanawo akajambula khadi mu holo, chithunzi chinkabwera kwa ine, ine n'kuwerenga ndi maso angawa, n'kutaipa msangamsanga. Kuseri kwa khoma ndinkamva anthu akuwomba m'manja. Alendo atapita, abwana analowa akutafuna nyama, nandigwira paphewa ndi dzanja lamafuta.

"Waona? Palibe wadziwa. Uzingopitiriza choncho."

Ndipo ndapitiriza, achemwali, masabata atatu, makadi mazana awiri pa tsiku. Sabata yatha maso atatopa ndinawerenga 17 ngati 11. Mayi wina anayenda mtunda wautali mwana ali kumsana, n'kukabwezedwa pakhomo pa chipatala. Namwino wamkulu ataimba foni, abwana anamuyankha ine ndili pomwepo kuti makompyuta amalakwitsa nthawi zina. Ndinatuluka kukalavula.

Dzulo ndinapita ndekha kuchipatalako n'kumuuza namwinoyo zonse. Nditamaliza, anandifunsa ngati ndadya. Akuti Lolemba akawauza alendo aja.

Kaya ntchito ikhalapobe, sindikudziwa. Ngati m'chipinda chanu chakuseri simunalowe munthu, mundisungireko. Amayi musawauze kaye. Ndamva kuti akuuzabe anzawo kuti mwana wawo anaphunzitsa makina kuwerenga.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
Wamakani uja