Sekondi ndi Nsalu ya Mkwatibwi

Lachiwiri, 14 Ogasiti

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, inu ndi alamu, ndiponso kuti ntchito ya kuchipatala sikukupanikizani kwambiri. Ife kuno tilipo. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pa foni mumandidula pakamwa, komanso bambo amakhala ali pompo, khutu lili tcheru, akunamizira kumvera wailesi. Nkhani yake ndi ya galu wanu uja ndi maulendo a bambo a kuphiri. Galuyo ndinamupereka kwa munthu. Musakalipe kaye, werengani mpaka kumapeto, kenaka mukalipe bwinobwino.

Tsiku lomwe munabwera ndi kagalu kaja m'katoni munati adokotala anena kuti bambo aziyendayenda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo kagaluko kaziwatulutsa m'nyumba. Munalankhula bwino, munajambula zithunzi, patatha masiku atatu munakwera basi. Wotsala ndi chikolopo pakhonde ndine. Bambo anamutcha Sekondi, eti sakhala malo amodzi ngati kamuvi ka masekondi pa wotchi. Munthu amene wakonza mawotchi zaka makumi anayi sangapeze dzina lina. Sekondi wanuyo wadya nsapato zanga ziwiri, zonse za kumanzere, wadya tepi yoyezera, chingwe cha ayironi, ndi lamba wa makina osokera. Makasitomala akabwera kudzayesa zovala amawalumphira ndi mapazi a matope. Ine ndine telala, achemwali, si woweta nyama.

Koma kunena zoona, bambo anayamba kuyenda. M'mawa uliwonse isanakwane sikisi, ndodo m'manja, chipewa kumutu, awo ndi Sekondi ulendo wa kuphiri lija la kuseri kwa sukulu, mpaka pa thanki ya madzi pamwamba penipeni. Chingwe anasiya kumumanga nacho chifukwa tsiku lina anawakoka mpaka kuwagwetsa m'ngalande. Galuyo amathamanga patsogolo pang'ono, n'kuima, n'kucheuka, bambo akafika iye n'kuthamanganso. Loweruka lililonse ndinkapita nawo, ndipo ulendo uliwonse ndinkabwerako nditalumbira kuti sindidzapitanso. Akaona mbuzi, Sekondi misala yayamba, ine ndiye wopepesa kwa eni ake. Akapeza ndowe amadzigubuduzamo ndi chimwemwe chonse, wosambitsa ndine. Tsiku lina ananyamula sokosi ya munthu amene ankachita masewera olimbitsa thupi pa thanki paja, ndinamuthamangitsa phiri lonse nditagwira siketi m'manja, ana asukulu akuombera m'manja.

Masiku a Loweruka amenewo bambo ankachita zinthu zimene ndinkaziona ngati ulemu chabe. Tikafika m'munsi mwa phiri ankati, "Tsogola iwe, ine ndizibwera pambuyo pako." Ndikavala diresi lina lililonse ankandibweza pakhomo. "Kavale bulauzi yoyera ija, imakukhala." Ine ndi uchitsiru wanga ndinkasangalala kuti bambo ayamba kundiyamikira atakalamba, mpaka ndinkaisita bulauziyo Lachisanu madzulo.

Tsono mavuto enieni anayamba udzu utauma. Tizidutswa ta nsalu zoyera tinayamba kusowa patebulo langa. Sindinadandaule, ndi zotsala. Koma mwezi wathawu mphunzitsi wina wa pasukulu paja anandibweretsera satini woyera wa diresi lake la ukwati, nsalu yabwino imene azakhali ake anamutumizira kuchokera kutali. Ndinaiyala patebulo kuti ndiidule m'mawa. Nditabwera kusitolo kogula ulusi ndinapeza m'mphepete mwake mwachoka chidutswa chachitali ngati mkono wanga, podukapo pali manyumanyu, ndipo Sekondi ali gone pansi pa tebulo lomwelo akundiyang'ana.

Ndinakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda. Bambo anatuluka kuchipinda n'kuima pakhomo.

"Mwina si iyeyu," anatero.

"Ndiye ndani, bambo? Makoswe avala suti abwera kudzayeza nsalu?"

Anabwerera kuchipinda n'kutseka chitseko.

Ndinazungulira masitolo onse a nsalu, wofanana naye satiniyo sanapezeke. Ndinachita kusintha kasokedwe, mchira wa diresi n'kufupika. Mkwatibwi analira pagalasi langa, ndipo mayi ake anandilankhula mawu amene sindingawalembe m'kalata. Iwo atangotuluka ndinapita kwa makaniko wa galaja ya pamphambano, amene kwa nthawi yaitali ankafuna galu wolondera. Ndinamuuza kuti abwere adzamutenge Sekondi tsiku lomwelo. Bambo ndinawauza maso ndi maso, sindinachite mobisa. Anangokhala pampando wawo uja n'kunena kuti, "Wokolopa pakhonde ndiwe, mwana wanga. Chita zimene waganiza." Sekondi anakwera galimoto ya makanikoyo akugwedeza mchira, osacheuka n'komwe, ndipo ndikuvomera kuti tsiku limenelo ndinasoka mwamtendere kwa nthawi yoyamba chichokereni inu.

Masiku awiri bambo sanatuluke. Ndikawafunsa ankati mwendo ukuwawa. Tsiku lachitatu ndinamva chitseko cha kumpanda chikulira m'mawa, ndinati eya, aona okha kuti phiri silifuna galu. Eyiti inakwana, tiyi n'kuzizira. Naini, zii. Itakwana teni ndinazimitsa ayironi, ndinanyamuka mmene ndinalili, ndi diresi langa lotuwa logwirira ntchito, mapini ali pachifuwa.

Ndinakwera phiri lija ndikukalipa ndekha njira yonse. Pa thanki panalibe munthu. Ndinawapeza cha kumadzulo kwa phiri, kumene kale ankaphwanya miyala kuja, kutali ndi njira, atakhala pamwala. Kutsogolo kwawo, mapazi asanu okha, kunali chiphompho chija chimene mayi ankatiletsa kuyandikira tili ana. Buluku linali litang'ambika pabondo, magazi ataumirapo. Ndinaima patsogolo pawo, pafupi ngati mmene tebulo langa latalikirana ndi chitseko, mpweya uli m'mwamba. Anandiyang'ana kumaso, anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji mayi? Mundithandizeko, njira yotsikira kusukulu ili mbali iti?"

Achemwali, bambo athu anandipatsa moni ngati mlendo.

Nditati, "Bambo, ndine," anavala chipewa mofulumira n'kuseka, eti amangondiyesa, amapuma chabe akuonera tawuni. Ndinagwada kuti ndione bondolo, ndinawapempha mpango wa m'thumba. Anapisa m'jekete, chimene chinatuluka si mpango. Chinali chidutswa cha satini wa mkwatibwi, chitada, chili ndi mfundo kumapeto, ubweya wa Sekondi uli mbuu.

Apo ndi pamene anandiuza zonse, nkhope italoza kumbali. Maso awo anayamba kuchita chifunga chaka chatha. Mawotchi aja amabweza anthu n'kumati zipangizo zake sizikupezeka, bodza, tizitsulo take sakutiona. Nthawi ya mvula, udzu uli wobiriwira, ankamuona Sekondi bwinobwino n'kumamutsatira. Udzu utauma galuyo anafanana ndi phiri lonse, n'kusowa m'maso mwawo. Ndiye ankatenga nsalu yoyera, akafika m'munsi mwa phiri n'kumumanga m'khosi, pobwerera n'kumasula kuti ine ndisaone. Tizidutswa tating'ono tinkatayika m'tchire, ndiye tsiku lija anafuna chachitali chozungulira kawiri. Ankayesa akudula chinsalu chakale choyala patebulo.

"Bwanji osandiuza?" ndinawafunsa.

"Ukanandiletsa kuphiri. Mkulu wako akanabwera kudzanditenga, n'kukandikhazika pampando m'nyumba ya mpongozi. Ine kuno ndimadziwa pamene pali chilichonse."

"Ndiye munalola kuti galu achoke chifukwa cha mlandu wanu?"

"Ndimati ndiyesa ndekha. Njirayi ndaiyenda nthawi zambirimbiri."

Ndinakwiya, achemwali, ndipo mpaka pano ndikadakwiya. Ndakwiyira iwo chifukwa chobisa, ndakwiyira inu chifukwa ndinu namwino koma munakhala nawo masiku atatu osaona kanthu, koma kwambiri ndadzikwiyira ndekha. Ine telala amene ndasoka zaka khumi ndi ziwiri ndinalephera kusiyanitsa podula mano ndi podula sizasi. Nditabwerera kunyumba ndinayang'ananso nsalu yotsalayo, panalibe dovu, panalibe bowo la dzino, sizasi yokhayokha yoyenda mokhotakhota. Kungoti m'mutu mwanga simukanalowa zoti manja a bambo, amene ankatola kasikuluwu kochepa ngati mchenga, angadule chinthu mopotoka choncho.

Tinatsika atandigwira phewa. Titayandikira nyumba zoyamba anachotsa dzanja, n'kuwongoka, n'kumapereka moni kwa aliyense amene wawayamba kulankhula, monga amachitira masiku onse.

Madzulo omwewo ndinapita kugalaja, ndikukonza mawu opepesa njira yonse. Sindinawagwiritse ntchito. Makaniko uja atangondiona anaponya sipanala pansi.

"Mayi, Mulungu akudalitseni, mwabwera. Uyu si mlonda. Aliyense wolowa amamunyambita, ndipo wadya kale mpando wa galimoto ya kasitomala. Mutengeni, chingwe chomwecho ndakupatsani."

Sekondi anafika kunyumba akununkha oyilo, anadumphira bambo pamiyendo, tiyi yense n'kutayikira pa buluku. Bambo sanakalipe, anangomugwira makutu n'kumamufunsa ngati kumeneko amamudyetsa. Ine ndinatenga chikolopo.

Pano ndamusokera kajekete koyera ka nsalu yolimba, ka mabatani awiri pamimba. Ndasoka tiwiri, chifukwa kamodzi kamabwera kali ndi ndowe tsiku lililonse. Msewu wonse ukundiseka. Mayi wogulitsa zipatso pakona anandifunsa ngati ndayamba kulandira maoda a agalu, akuti ali ndi mphaka wofuna siketi. Ndipo tsopano ndimapita nawo kuphiri m'mawa uliwonse, osati Loweruka lokha, chifukwa sindingasiye moyo wa bambo m'manja mwa galu amene akaona mbuzi amaiwala dzina lake. Ntchito ikuchedwa, miyendo ikuwawa, dzulo lomweli Sekondi analowa m'dziwe la matope atavala kajekete kochapa kumene. Koma pa mphambano ya kuchiphompho kuja amaima ndithu n'kuwadikira, zimenezo ndaziona ndi maso anga, sindingamunamizire.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi. Ndinafunsa kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno, anati zikumveka ngati ng'ala, koma mpaka dokotala wa maso awaone, ndipo ngati ndi zimenezo zimachotseka. Nditawauza bambo anakana kwamtuwagalu. Akuti, "Ine ndatsegula mawotchi moyo wanga wonse. Ndikudziwa zimene zimachitika munthu wa manja olemera akatsegula kanthu kakang'ono. Maso anga asawagwire." Ndanyengerera, ndakalipa, ndalira, zonse zalephera. Ine kwa iwo ndine kamwana komaliza kaja kosoka madiresi. Inu amakumverani. Chonde pemphani tchuthi mubwere, ngakhale masiku anayi okha, tikawaperekeze limodzi. Koma mubwere mutadziwa kuti za kuwasamutsa musazitchule n'komwe, mukangotero atseka chitseko ndipo sitidzawatulutsanso. Musaimbenso foni kufunsa za maso. Anandilumbiritsa paphiri paja kuti ndisakuuzeni, ine ndinavomera, ndipo lero ndaphwanya lonjezolo ndikudziwa chimene ndikuchita.

Pobwera munditengereko lamba wa makina, kuno akupezeka osalimba, komanso mankhwala a nthata za galu wanuyu.

Perekani moni kwa alamu ndi kwa ana. Muwauze kuti Sekondi wakula, akufika m'mawondo, nzeru zokha ndi zimene zatsalira m'katoni muja.

Bambo alowa pano ndikumaliza. Andifunsa kuti ndikulembera ndani, ndawauza kuti inu. Andifunsa kuti ndalembamo chiyani, ndati za galu basi. Atenga pepala lomalizali, aliyang'ana nthawi yaitali ngati akuwerenga, agwedeza mutu n'kunena kuti ndalemba bwino. Kenaka apempha cholembera kuti aikepo moni wawo ndi dzanja lawo. Ndawalozera pansi pamene pali malo, koma mawu awo akwera pamwamba pa mizere yanga, ndiye mukaona pepalali ladetsedwa pakati musadabwe. Mwina simutha kuwerenga, ndiye ndikulembereni pano zimene alemba: "Mwana wanga, ine ndili bwino kwambiri, usadandaule za ine. Galu wako ndi wanzeru."

Bwerani msanga, achemwali.

Ndine mng'ono wanu wotopa koma wokukondani,

Telala wa galu