Kanyama ka Amayi Kali ku Labu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Nsaru tonse tilipo, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa cha amayi.

Chotupa cha m'bere mwawo chija tinapita nacho kuchipatala m'tauni. Adokotala anadulako kanyama kakang'ono n'kutumiza ku labu, ndipo Lachiwiri anatiuza kuti ndi khansa. Koma akuti kuyeza sikunathe. Pakanyamako athirapo mankhwala otchedwa ma antibodi, amene amakakamira pa tinthu tomwe timachititsa kuti maselo a khansa azichulukana. Tinthuto tikapezeka tambiri, ndiye kuti khansayo ndi yothamanga, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Ine ndinati, "Adokotala, zimenezi ndi zomwe achimwene anga amafufuza kunjako." Amayi anangoti, "Ndiye umuuze asandibisire kanthu."

Chibwerereni sakudandaula n'komwe, ndipo n'zimene zikundiopsa. Dzulo ananditengera kumunda n'kundilozera malire onse, mpaka pachulu paja. Kenako anandipatsa thumba la mtedza wa mbewu, amvekere, "Chaka chino udzala ndiwe." Ndinangokhala pansi pomwepo. Ana sindinawauze.

Chonde achimwene, imbani foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Mutifotokozere m'Chichewa, osati Chingerezi chanu chija. Zotsatira zituluka sabata yamawa, ndipo ndikuopa kukazimva ndili ndekha, osadziwa tanthauzo lake, amayi akundiyang'ana kumaso.

Ambuye akusungeni nonse. Muziwapempherera amayi.

Ndine mlongo wanu,
Esinati