Khasu la amayi pa mtengo wa pichesi

Okondedwa achimwene Fernando,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beirako, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Zóbuè tilipo, kungoti mawondo a amayi sakugwirizana ndi kuzizira.

Munafunsa za buku lija ndikulemba la mudzi wathu wakale. Pali chimene chikundidabwitsa. Ku Moatize ndinkalemba tsiku lililonse. Sirene ya kumgodi ikalira kuti aphulitsa miyala, tinkatuluka poopa kuti makoma ong'aluka a nyumba yathu aja angatigwere, ine n'kukhala pamthunzi ndi kaderno, kope langa lolembamo, mpaka fumbi litatsika. Kuno kuli zii, mphepo yabwino, koma chisamukire dzanja linauma. Ndinkangoti mawa.

Nditadandaula, amayi anati, "Iwe chikukusowa ndi phokoso." Anapachika khasu lakutha pa mtengo wa pichesi. Dzuwa likafika pamutu amaligogoda ndi mwala, n'kukuwa, "Aphulitsa! Tuluka!" Tsiku loyamba anansi anathamangira kuno kudzaona ngozi. Ine ndinaseka, komabe ndinatuluka, n'kulemba za mmene malemu bambo ankaumbira njerwa. Chiyambire sindinajombe.

Kodi mutu wa munthu ndi wotani, achimwene? Chimene chinatisamutsa n'kukhalanso chondikhazika pansi?

Munditumizireko makaneta olembera. Mundiuzenso dzina la kamtsinje kaja tinkakumbako dongo. Dzulo ndinawafunsa amayi, anayang'ana kumapiri, koma dzinalo silinabwere. Kenaka anati kuyambira lero khasu aziligogoda kawiri pa tsiku, kuti ndilembe msanga zina zisanaiwalike.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Rosita